Chingerezi Changa cha Masamba Asanu ndi Limodzi

Za ubwana wanga sindilemba, chifukwa ndinali mwana monga ana onse, mimba patsogolo, mamina pamphuno. Ndiyambira pamene ndinakhala munthu wa ntchito. Inu Yohane, Esitere ndi Tomasi, chifukwa chimene munachokera m'nyumba mwanga munachimva kwa atsibweni anu a Kachepa. Tsopano muchimve kwa ine atate wanu, Simoni. Ife a mpingo satilola kulumbira, choncho paliponse pamene muone ngati nkhani yakula kuposa msinkhu wake, dziwani kuti ndinaiona ndi maso awa, ndipo sindinaithire mchere ngakhale wa pachala.

Nkhondo ya Ajeremani isanabuke: ku Mkaika

Tinatsiriza maphunziro a uphunzitsi pa mishoni tili anyamata asanu ndi awiri. Mbusa wathu anali mzungu wa mtundu wa Maburu. Chinyanja ankachilankhula mpaka miyambi yomwe, koma Chingerezi ankachigwira monga mmene munthu amagwirira mwana wa mdani wake: osamugwetsa, komanso osamusekerera. Ankati, "Chinyanja chimafikitsa munthu kumwamba, Chingerezi chimangomufikitsa ku Halale." Vuto linali lakuti midzi inkakana sukulu yopanda Chingerezi. Anthu ankati kuwerenga Chinyanja sikutula katundu pamutu pa munthu, koma wodziwa Chingerezi amakhala pamthunzi, pensulo pakhutu, anzake akusenza.

Tsiku lotitumiza ku midzi, mbusayo anatulutsa buku la malamulo a Chingerezi. Linali limodzi lokha pa mishoni ponse. Analiyang'ana, natiyang'ana ife, kenaka anasolola mpeni wake wodulira nyama yofutsa n'kulicheka pamsana magawo asanu ndi awiri, monga agawira mbuzi pa chikumbutso. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala Bwana Chimpeni, ndipo lenilenilo ndaliiwala dala. Anati, "Aliyense akaphunzitse gawo lake. Pa mgonero uliwonse muzisinthana. Zikamatha zaka ziwiri, yense adzakhala atadya buku lonse." Filimoni, mnzanga wamtali amene anaima kutsogolo, analandira ntchafu: mawu onse a zochita, kupita, kubwera, kudya, kufa. Ine wamfupi ndinali kumbuyo, ndipo ndinalandira ziboda: masamba asanu ndi limodzi, onena za timawu titatu timene Angerezi amaika patsogolo pa mayina a zinthu, a, an ndi the.

Timawuti kwathu kuno kulibe. Ife mbuzi timangoti mbuzi, ndipo imabwera. Mngerezi sangatchule mbuzi asanatumize kamthenga patsogolo. Ikakhala mbuzi yachilendo, yoyamba kuoneka, kamthenga kake ndi a. Ikagona m'khola mwako kamodzi, anthu n'kuidziwa, m'mawa mwake yasanduka ya the. Dzira ndi khutu, pa zifukwa za m'kamwa, zimafuna an. Madzi ndi mchere n'zonyada, koyambako zimakakana. Basi. Ndakuuzani m'mizere isanu chuma chimene ndinadyera zaka khumi ndi zisanu.

Ananditumiza ku mudzi wina pafupi ndi Mkaika. Sukulu inali chisakasa, belu linali khasu lothyoka, choko chinali chinangwa chouma, chimene ana ankadya ndikangocheuka. Tsiku loyamba mudzi wonse unabwera kudzaona. Nkhuku inadutsa pakhomo, ine n'kuiloza, "A hen." Itabwereranso ndinati, "The hen." A Kachepa, mwini mbumba yaikulu ya m'mudzimo, anaimirira n'kunena kuti, "Mwamva inu? Nkhuku yomweyi aitchula pawiri, osapuma!" Mwezi usanathe anali atandionetsa mlongo wawo, aNaphiri, amene ndi amayi anu. Akamwini ena ankadzuka ndi tambala kukalima kwa apongozi. Ine a Kachepa anandiletsa. Ankati, "Manja a Chingerezi sagwira khasu. Mkamwini ndi tambala wobwereka, inde, koma wathuyu amaikira mazira." Ndinanenepa mpaka malaya a mishoni anang'ambika okha ndili chikhalire m'tchalitchi. Akulu a mpingo alipo amene anamva kulira kwake.

Pa mgonero woyamba ndinathamangira Filimoni. Ndinati, "Achimwene, bweretsani mawu a zochita aja." Iye anati, "Sindinathe, Simoni. Ndikadali pa za dzulo, za mawa sindinafike. Nanga iwe gawo lako lili ndi chiyani?" Ndinati, "Timawu titatu." Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena, "Titatu? Sunga bwino, ungatitaye." Pa mgonero wachiwiri anati mtsinje unadzaza, anaopa kunyowetsa masamba. Pa wachitatu anakhala mbali ina ya tchalitchi. Choonadi n'chakuti tonse tinali titatenga masamba athu monga sing'anga amatengera mizu yake. Yense anali atakhala wamkulu m'mudzi mwake chifukwa cha gawo lake, ndipo ankaopa kuti mnzake akagwira magawo awiri amukwera pamutu. Ena analibenso chopereka. Gawo la wina linadyedwa ndi chiswe. Wina fodya atamuvuta anapichirira m'gawo lake, n'kutsokomola Chingerezi sabata yathunthu. Ndinamumva ndekha. Kwa Bwana Chimpeni tonse tinkati kusinthana kukuyenda bwino, popeza wonena mnzake akananenedwanso.

Zaka za tengatenga: ku Sinda

Yohane ali pamsana, mishoni inandisamutsira ku dera la Sinda. Mkamwini sanyamuka ndi mkazi popanda chilolezo cha mwini mbumba, choncho ndinakakhala pansi pamaso pa a Kachepa kupempha chitengwa. Mawu awo ndikuwalemba monga anatulukira. "Alamu, mlongo wangayu ndikukubwerekani, sindikukupatsani. Ana amene alipo ndi amene adzabwere ndi mbumba yanga. Yohane uyu mudzandibwezere ali ndi Chingerezi chodzaza, cha pensulo pakhutu. Mukatero, khalani naye mkazi mpaka imvi. Mukalephera, dengu limene ndamulongedzera ziwiyali ndi lomwe adzabwerere nalo." Ine ndinawomba m'manja n'kunena, "Zachepa, alamu." Ndinkakhulupirira kuti Filimoni tsiku lina adzafika pa za mawa.

Nkhondo inabwera. Amesinjala ankazungulira midzi kutenga amuna kuti akasenze katundu wa asilikali kumpoto. Ine anandisiya ataona msinkhu wanga, anati bokosi lidzakhala lalitali kuposa wolisenza. Filimoni sanamusiye. Anapita masamba ake atawasokera m'malaya, ndipo sanabwerere. Mawu onse a zochita a dziko lino anagona naye kuthengo kumeneko. Ndinamulira ngati mnzanga, koma ndikuvomera pamaso panu kuti theka la misozi linali la masamba aja.

Ndinayenda masiku awiri kupita ku mishoni kukapempha buku lina. Bwana Chimpeni anandipeza pakhonde. Ndinati, "Bwana, Chingerezi chatsala pang'ono kutha." Iye anati, "Zombo zikunyamula zipolopolo, Simoni, osati mabuku. Kodi ana ako Katekisimu akumudziwa?" Ndinati akumudziwa. Anati, "Ndiye akusowa chiyani?" Nkhondo itatha ndinapemphanso, anati tidzaona. Mawu akuti tidzaona ndinawamva kambirimbiri kotero kuti galu wa pa mishoni ankandiona ndikubwera n'kuyamba kuwanena yekha.

Tsono ndinakhala mlenje wa mayina. Timawu titatu tinalipo, chosowa chinali zinthu zotiika kumbuyo kwake. Ndinkatola mayina pa zitini, pa matumba, ndi pakamwa pa amuna obwera ku Halale. Munthu akafika ndi bokosi lake, ndinkamupatsa mpando n'kuyamba kuloza, khasu, mvula, khomo, njira, iye n'kumatchula. Ena ankandipatsa zotukwana zimene akapitawo ankawatukwana nazo, osadziwa okha, ine n'kukaphunzitsa ana aang'ono molemekeza. Ana anga a ku Sinda ankatha kutchula chinthu chilichonse cha pansi pa thambo ndi kamthenga kake kolondola. Koma m'Chingerezi chawo munalibe choyenda. Mbuzi inalipo, munda unalipo, koma mbuzi sinkalowa m'munda.

Chimfine chitapita: ku Vubwi

Chimfine chachikulu chija chinasiya mabenchi a ku Sinda opanda anthu, ndipo mishoni inandiponyera ku Vubwi, kumene ukaponya mwala umagwera kwa Apwitikizi, ukaphonya umagwera ku Nyasalande. Esitere anali akuyenda, Tomasi anabadwira komweko patapita zaka. Masileti kunalibe, ana ankalemba pamchenga, ndipo mphepo ndiyo inkachonga. Masamba anga anali atafewa ngati chigamba, ndinkawasunga m'chibungwe, chidutswa cha nsungwi champhako, pamwamba pa khomo.

Iwe Yohane unali ndi mutu. Pa zaka khumi unali utameza masamba onse asanu ndi limodzi, mpaka banga la mafuta la pa tsamba lachinayi unkadziwa pamene lili. Tsiku lina m'kalasi unakweza dzanja. "Atate, ndikafuna kunena kuti mbuzi yathawa, nditani?" Ndinakuyankha nkhope ili gwa, "Mbuzi ya Mngerezi sithawa. Bwereza zimene ndakupatsa." Unabwereza. Sunafunsenso, ndipo kusafunsako kunandipweteka kuposa funso.

Masana ake ndinapeza amayi anu kudimba akuthirira mpiru. Sanadzutse mutu. Anati, "Atate ake Yohane, ine sukulu sindinaponde, koma makutu ndili nawo. Nyimbo imene mumaimbitsa anayi ndi yomwe ija munandifunsira nayo mbeta. Kodi ili ndi ndime yachiwiri?" Ndinayang'ana mpiru. Anati, "Musavutike. Ndinadziwa tikadali ku Sinda. Ine ndinakwatiwa ndi inu, achimwene ndiwo anakwatiwa ndi Chingerezi. Koma tsiku limene adzadziwe, dengu lija lilipo, ndimasungiramo nyemba." Ndinati mwina buku lidzabwera. Anati, "Tengani chitini icho muthirire mzere uwo, manja a Chingerezi."

Chaka chimene a Kachepa anabwera

Unali mwezi wotentha, mvula isanayambe, Yohane ali ndi zaka khumi ndi zinayi. A Kachepa anafika wapansi kuchokera ku Mkaika, miyendo yoyera ndi fumbi. Sanafune kulankhulira m'nyumba. Anaitanitsa akulu a mpingo awiri, natikhazika tonse pamphasa pansi pa mtengo wa pasukulu, kuti mawu akhale ndi mboni.

Anati, "Alamu, mzungu wa fodya wa kufupi ndi ku Boma akufuna kalaliki. Amene analipo anamukwapula ndi chikoti n'kumupitikitsa chifukwa chosamva zimene akuuzidwa. Ine ndakamuuza kapitawo wake kuti mphwanga Chingerezi anayamwira, amalota nacho. Mudzi wonse ukudziwa kuti ndabwera kudzamutenga. Yohane, imirira, tawaonetsa akuluwa." Iwe Yohane unaimirira. Analoza mtengo, unatchula. Analoza mphasa, dzuwa, ndodo yawo, khutu la mkulu wa mpingo, unatchula zonse, kamthenga kalikonse pamalo pake. A Kachepa ankaseka mpaka mano a kumapeto, ankagunda ndodo pansi. "Mwamva? Ngati mvula pa malata!" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu ndinu mphunzitsi wake. Nenani pamaso pa anthuwa. Wapsa kapena sanapse?"

Ana anga, pano ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa mpamene pali moyo wanga wonse. Ndikanati wapsa, Yohane akanapita. Mzungu akanatsegula pakamwa n'kunena kuti pita ukatenge, bwera kuno, usachite, ndipo mwana wanga akanangoima ngati chitsa. Chikoti chikanatera pamsana pake. A Kachepa sakananena ine, pakuti ankandikhulupirira kuposa mmene ndinkakhulupirira Katekisimu. Akanati mwana ndiye wouma mutu, wachititsa manyazi atate ake ophunzira, n'kumusiya komweko azithyola fodya. Ine ndikanatsala ndi mkazi wanga, Esitere ndi Tomasi, mpaka imvi. Njira imeneyo inali yotseguka, ndipo ndinaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndikufunira kuvomera. Njira ina inali iyi. Tsidya la malire, ku Nyasalande, kunali sukulu ya mpingo wina kumene Chingerezi ankaphunzitsa ndi buku lathunthu. Ankalandira anyamata amene ndevu sizinamere, ndipo Yohane mawu anali atayamba kale kusweka. Atate sangatumize mwana kutali chotero, wotumiza ndi mwini mbumba. Ndipo mwini mbumba sangatumize kusukulu mwana amene akuti wapsa kale.

Ndinakuyang'ana, Yohane. Sunkayang'ana ine, unkayang'ana pansi, zala za kumapazi zikukumba dothi. Unkadziwa zonse, ndipo unali wokonzeka kupita kukakwapulidwa osatsegula pakamwa.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsitsa chibungwe cha nsungwi, ndinayala masamba aja pamphasa. Ndinati, "Alamu, Chingerezi changa ndi ichi. Chonse. Mwanayu anachitha ali ndi zaka khumi. Sanapse, ndipo kwa ine sadzapsa. Mtumizeni tsidya la malire chaka chino, ndevu zisanamutsekere khomo."

A Kachepa anatola masambawo, anawayesa kulemera padzanja, anawatembenuza ngati pali ena obisala kumbuyo. Anati, "Awa?" Ndinati, "Amenewo." Anati, "Ndinakuchotsani pa khasu chifukwa cha awa? Amayi anga anamwalira akulima okha, mkamwini ali pamthunzi, chifukwa cha awa? Awa sangakulunge ngakhale mchere wa ndiwo imodzi!" Kenaka anafunsa ndi mawu aang'ono, "Nanga nkhuku ija?" Ndinati, "Nkhuku ija inali yoona, alamu." Palibe anaseka.

Mkulu wa mpingo wina anayesa kulowererapo. Anati ukwatiwu ndi wa m'tchalitchi, chimene Mulungu anamanga munthu asamasule. A Kachepa anati, "Sindikumasula kanthu, abambo. Mlongo wanga akafuna kukhala, akhale, aziphikira masamba awa. Koma ana ndi anga. Mawa ndinyamuka nawo onse atatu. Ndipo inu alamu, m'mudzi mwanga musadzapondemo, mungandiphunzitsire nkhuku zotsala." Amayi anu anali atakhala chapatali, Tomasi ali kubere. Anati, "Achimwene, munthuyu sanandimenyepo ngakhale kamodzi." A Kachepa anati, "Ndikanakonda akanakumenya, ndikanadziwa msanga."

Mwana woyamwa sayenda popanda bere, ndipo bere siliyenda popanda mwini wake. M'mawa mwake amayi anu anakhuthula nyemba m'dengu lija n'kuzisiya pa lichero, kuti ndisafe ndi njala. Atasenza, anaima pakhomo osanditembenukira. Anati, "Atate ake Yohane, munanama zaka khumi ndi zisanu osatopa. Mwatopera dzulo?" Esitere, iwe unkalira chifukwa cha mwana wa mbuzi amene anakukaniza kunyamula. Ndinakuperekezani mpaka pa mtsinje. A Kachepa analoza pansi ndi ndodo, ndipo ndinaima pomwepo.

Zaka ziwiri zapitazi

Boma litayamba kuyesa aphunzitsi a m'midzi, ndinaitanidwa ku mishoni. Mafunso a timawu titatu ndinakhoza onse, mpaka mzungu woyesayo anavula magalasi kuti andione bwino. Kenaka anandilankhula molunjika, mawu ambiri oyenda, ine n'kumangomwetulira. Anandipumitsa ntchito sabata yomweyo. Bwana Chimpeni anandigwira chanza n'kunena kuti ndatumikira mokhulupirika, komanso kuti wamva zoti mwana wanga ali kwa a mpingo wina, ndipo zamumvetsa chisoni. Umo ndi mmene ndinadziwira kuti a Kachepa anakutumiza ndithu, Yohane. Ndinatuluka panja n'kukakhala kuseri kwa khola la ng'ombe.

Ndikukhalabe ku Vubwi, m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi. Pasukulu pali mnyamata watsopano wa satifiketi. Mwezi wathawu munthu wogulitsa mchere anandibweretsera kalata yako, Yohane, yoyamba chichokereni. Waidzaza tsamba lonse, zilembo zoongoka ngati mizere ya mtedza, ndipo wailemba m'Chingerezi. Ndikuganiza kuti unafuna ndione kuti zinapsa. Ndaona. Timithenga tonse tili pamalo pake, ndayang'ana kamodzikamodzi. Mayina ndawapeza: atate, amayi, atsibweni, mudzi, mvula, khomo. Koma chimene zinthu zimenezi zikuchitirana sindikuchidziwa.

Ndinameza manyazi n'kupita nayo kwa mnyamata wa satifiketi. Lolemba anaiwerenga milomo ikugwedezeka, anati, "Aphunzitsi, akuti atsibweni afewa, mupite mvula isanagwe." Ndinachapa malaya. Lachinayi ananditsatira yekha kunyumba, thukuta lili kamukamu, anati, "Aphunzitsi, ndaganizanso. Pali kamawu kena pakati apo. Mwina akuti musapite." Ndinamufunsa kuti tsono chenicheni n'chiti. Anati Chingerezi cha ku Nyasalande n'chokhota. Kwa Bwana Chimpeni sindipita nayo, nkhani ya m'nyumba mwanga yadulidwa kokwanira.

Choncho ndakulemberani zonsezi m'chilankhulo cha amayi anu, ndipo wa mchere uja azitenga pobwerera. Esitere, ukawawerengere amako mokweza, osadumpha za kudimba. Yohane, undiyankhe m'mawu amene ndinakulera nawo, aafupi: ndibwere, kapena ndisabwere. Ndikabwera sindifuna mthunzi, ndidzalima munda wa a Kachepa kuyambira tambala woyamba monga mkamwini aliyense, ngakhale msana wayamba kukana. Mbewu ya chimanga ndaimanga m'kansalu, ili pafupi ndi khomo, chifukwa sindikudziwa ngati ndi ya dothi lino kapena la ku Mkaika. Mvula yoyamba yagwa dzana. Anzanga onse adzala. Ine sindinadzale.